Musanagulitse galimoto yanu kuti muzibwereka ya kalabu: zoti muwerengere ndi zoti muyese

Galimoto ya munthu wamba imathera pafupifupi moyo wake wonse itaima. Bungwe la RAC Foundation la ku Britain linapeza kuti galimoto imakhala itaimikidwa pafupifupi 96 peresenti ya nthawi, kutanthauza kuti imayenda pafupifupi ola limodzi patsiku. Maola 23 otsalawo inshuwalansi ikuwerengabe, msonkho ukuwerengabe, ndipo mtengo wa galimotoyo ukutsika. Apa ndi pamene panachokera nzeru yoti anthu ambiri a m'dera limodzi azigwiritsa ntchito galimoto zochepa, aliyense n'kumalipira maola ndi mtunda umene wayenda basi. Ku Britain amati car club, ndipo ndi dzina lomwelo limene mungafufuzire pa intaneti.

Nzeruyi si yatsopano. Ku Zurich kunali kale bungwe lotere lotchedwa Sefage mu 1948. Mabungwe awiri a ku Switzerland amene anayamba mu 1987 anaphatikizana mu 1997 n'kupanga Mobility, ku Berlin kunayamba StattAuto mu 1988, ndipo ku America Robin Chase ndi Antje Danielson anayambitsa Zipcar mu 2000. Zaka zonsezi zaphunzitsa chinthu chimodzi chomveka bwino: kalabu imalowa m'malo mwa galimoto yanu pokhapokha ngati ulendo wanu wa tsiku ndi tsiku, wa kuntchito kapena kusukulu ya ana, sufuna galimoto. Zina zonse zimene zili m'munsimu zikuchokera pa mfundo imeneyi.

Mitundu itatu, ndipo siigwira ntchito mofanana

Mtundu woyamba ndi wakalekale uja. Galimoto ili ndi malo akeake oimikapo mumsewu kapena pamalo oimika galimoto, mumaibuka pa foni kwa maola amene mukufuna, mumaitenga, ndipo mukamaliza mumaibweza pomwepo. Enterprise Car Club ndi Co Wheels ku Britain, komanso cambio ku Germany ndi ku Belgium, zimayenda chonchi.

Wachiwiri ndi wosabweza pamalo amodzi. Mumaona pa foni galimoto imene ili pafupi, mumaitenga, n'kukaisiya paliponse povomerezeka mkati mwa malire amene kampani inaika, ndipo nthawi zambiri mumalipira pa mphindi. Kampani ya Daimler inayambitsa car2go mumzinda wa Ulm mu 2008, BMW nayo inayambitsa DriveNow ku Munich mu 2011, ndipo ziwirizi zinaphatikizana mu 2019 kukhala Share Now.

Wachitatu ndi wobwereka galimoto ya munthu mnzanu kudzera pa kampani yolumikiza anthu, monga Turo. Uwu umayenera maulendo a tsiku lathunthu kapena kupitirira, osati kothamangira kukagula zinthu.

Ngati cholinga chanu n'chosiyiratu kukhala ndi galimoto, dalirani mtundu woyamba. Chifukwa chake n'choti mukhoza kubuka lero galimoto ya Loweruka likudzali, n'kudziwa kuti mudzaipeza pamalo pake. Mtundu wachiwiri sungakulonjezeni zimenezo: m'mawa galimoto zonse zimathamangira pakati pa tawuni, madzulo n'kubwerera kumene anthu amagona, ndiye pa nthawi imene mukuifunitsitsa mwina yapafupi ili mtunda wa mphindi 20 wapansi.

Zimene ofufuza anapeza, ndi momwe mungazimvere

Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri ndi wa Elliot Martin ndi Susan Shaheen a ku University of California, Berkeley, amene anafunsa mamembala a makalabu a ku United States ndi ku Canada. Zotsatira zake zinatuluka mu 2010. Anapeza kuti galimoto imodzi ya kalabu inachotsa pamsewu galimoto 9 mpaka 13, ndipo chiwerengero cha galimoto pa banja lililonse la mamembala chinatsika kuchoka pa 0.47 kufika pa 0.24. Mu 2016 anthu omwewa anaunika car2go m'mizinda isanu, ya Calgary, San Diego, Seattle, Vancouver ndi Washington DC, ndipo anapeza galimoto 7 mpaka 11. Mzinda wa Bremen ku Germany, umene unayamba kupereka malo a mumsewu kwa galimoto za kalabu mu 2003, unapeza kuti imodzi imalowa m'malo mwa galimoto pafupifupi 16.

Ziwerengerozi muziziwerenga mosamala. Pa galimoto 9 mpaka 13 zija, zimene zinagulitsidwadi zinali 4 mpaka 6. Zotsalazo ndi galimoto zimene anthu ananena kuti akanagula pakanapanda kalabu. Pa car2go zogulitsidwa zinali imodzi mpaka zitatu zokha. Ndiye phindu lalikulu la makalabu si kulanda anthu galimoto zimene ali nazo kale, koma kuwathandiza kuti asagule, kapena kuti banja likhale ndi imodzi m'malo mwa ziwiri. Komanso onani 0.47 uja: ngakhale asanalowe kalabu, mabanja ambiri mwa amenewa analibe galimoto n'komwe. Anali anthu okhala kale m'madera amene basi ndi sitima zimayenda bwino. Ngati inu mumakhala kumene basi imadutsa kamodzi pa ola, zotsatira zawozo si zanu.

Kayendedwe ka anthu kamasintha mbali ziwiri. Amene analibe galimoto amayamba kuyendetsa pang'ono kuposa kale. Amene anagulitsa yawo amachepetsa kwambiri, ndipo kuchepa kwa gulu laling'onoli n'kwakukulu moti mukaphatikiza onse, mtunda woyendetsedwa umatsika. Pa mtundu wosabweza pamalo amodzi zinthu n'zosakanikirana, chifukwa anthu ena amatenga galimoto pa ulendo umene akanakwera basi kapena sitima.

N'chifukwa chiyani munthu wogulitsa galimoto amayenda mochepa? Yankho lili m'thumba. Mukakhala ndi yanu, ndalama zambiri munalipira kale, ndiye ulendo wa kusitolo umaoneka ngati wongofuna timafuta pang'ono. Mu kalabu mulibe zolipiriratu zambiri, koma ulendo uliwonse uli ndi mtengo wake woonekera pa foni musananyamuke. Zili ngati chigayo: palibe amagula chake chifukwa chofuna ufa kawiri pamwezi, ndipo popeza mumalipira pa ndowa, simupita ndi kambale ka chimanga tsiku lililonse, mumasonkhanitsa kaye. Mamembala a kalabu nawo amaphunzira kuphatikiza maulendo, kugula zinthu, kutaya zinyalala zikuluzikulu ndi kukaona wachibale pa ulendo umodzi.

Lembani maulendo anu kwa mwezi wathunthu

Musayambe ndi mitengo. Yambani ndi kope kapena foni, ndipo kwa milungu inayi lembani ulendo uliwonse umene mwayendetsa: tsiku, nthawi yonyamuka, nthawi yobwerera pakhomo, mtunda, chimene munapitira, anthu amene munali nawo ndi katundu amene munanyamula. Nthawi yobwerera ndi yofunika kwambiri kuposa mtunda. Kalabu imakulipiritsani maola onse amene galimoto ili m'manja mwanu, ngakhale itaima panja pa tchalitchi maola atatu.

Mwezi ukatha, gawani maulendowo patatu. Ena ndi oti mukanatha kuyenda wapansi, pa njinga kapena pa basi popanda vuto lenileni. Ena ndi ofunadi galimoto koma odziwikiratu, monga kukagula thumba la ufa ndi zakudya za mwezi, ukwati wa ku mzinda wina, kapena kukatenga mlendo ku bwalo la ndege. Otsala ndi ofuna galimoto mwadzidzidzi kapena pa nthawi yovuta, monga mwana kudwala usiku kapena shifiti yoyamba 6 koloko m'mawa basi zisanayambe kuyenda.

Gulu lachitatuli ndi limene limagamula nkhani. Likakhala la maulendo awiri kapena atatu pamwezi, takisi ikhoza kuthana nalo. Likakhala la mlungu uliwonse, sungani galimoto yanu. Ambiri mwa anthu a kwathu amene ali ku Britain amagwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala m'makomo mwawo, kuyenda khomo ndi khomo kuyambira m'mawa mpaka usiku. Kwa munthu wotere kalabu si njira ayi, ndipo masamu ali m'munsiwa akusonyeza chifukwa chake. Koma ngati banja lotere lili ndi galimoto ziwiri, funso loyenera ndi lokhudza yachiwiriyo, imene mwina imangoyenda Loweruka ndi Lamlungu.

Onaninso mtunda wa chaka chonse. Ku Britain mukhoza kuupeza mosavuta, chifukwa mailosi amalembedwa pa MOT iliyonse (kuyeza kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu), ndiye mungochotsera a chaka chatha pa a chaka chino. Ku Germany alangizi akhala akutchula makilomita pafupifupi 10,000 pachaka, omwe ndi mailosi oposa pang'ono 6,000, ngati malire amene kalabu imayamba kudula kuposa galimoto yanuyanu. Ndi muyeso wongoyambira, koma ngati mumapitirira pamenepo kwambiri, musavutike n'kuwerengera zina.

Masamu ake

Ziwerengero izi n'zongoyerekeza kuti muone kawerengedwe, inu muikepo zanu zenizeni kuchokera pa malisiti ndi pa sitetimenti ya kubanki.

Tiyerekeze kuti munagula galimoto pa £6,000 ndipo pakatha zaka zitatu mudzaigulitsa pa £3,600. Ndiye kuti ikutaya £800 chaka chilichonse. Iyi ndi ndalama imene pafupifupi aliyense amaiwala, chifukwa palibe amakutumizirani bilu yake. Onjezani inshuwalansi £900, msonkho wa pamsewu £195, MOT £55, sevisi, matayala ndi zokonzetsa £450, chilolezo choimika galimoto mumsewu wa kwanu £150, ndi a kampani yodzakukokani ikafa panjira £60. Zonse pamodzi ndi £2,610, galimoto isanasunthe n'komwe. Mukayenda mailosi 4,000 pachaka ndipo mafuta akudya 15p pa mailo, ndi £600 ina. Chaka chonse ndi £3,210, kapena pafupifupi 80p pa mailo iliyonse. Ngati munagula pa ngongole, ikanipo chiwongoladzanja. Ngati mumakhala ku London ndipo galimoto yanu siikwaniritsa malamulo a utsi a ULEZ, pali £12.50 tsiku lililonse limene mwaiyendetsa, ndipo chiyambire August 2023 lamuloli likukhudza madera onse a mzindawo.

Tsopano kalabu. Tiyerekeze kuti umembala ndi £60 pachaka, ola limodzi ndi £7, tsiku lathunthu ndi £55, ndipo mailo iliyonse ndi 25p, mafuta ndi inshuwalansi zili momwemo. Kukagula zinthu maola awiri mlungu uliwonse ndi maola 104 pachaka. Maulendo awiri pamwezi a maola asanu ndi maola 120. Pamodzi ndi maola 224, omwe ndi £1,568. Masiku asanu ndi limodzi athunthu ndi £330. Pa mailosi 4,000 aja, tinene kuti 1,000 anali a timaulendo tatifupi timene tsopano muziyenda wapansi kapena pa basi, ndiye otsala 3,000 akudya £750. Ndi umembala, zafika £2,708. Onjezani £300 ya mabasi ndi matakisi owonjezera, mupeza £3,008.

Kusiyana kwake ndi pafupifupi £200 yokha pachaka. Anthu ambiri amadabwa apa chifukwa amayembekezera zambiri, koma umu ndi momwe zimakhalira mukasamutsa maulendo anu onse osasintha kalikonse. Phindu limabwera kayendedwe kakasintha. Mukamagula zinthu kamodzi pa milungu iwiri kwa maola atatu, maola 104 aja atsika kufika pa 78, ndipo mwapulumutsa £182 ina, osawerengera mailosi. Palinso £3,600 kapena kuposa imene yabwerera m'thumba mutagulitsa galimoto, ndiponso simudzaonanso bilu ya mwadzidzidzi ya kilatchi kapena giyabokosi.

Yesani masamu omwewo pa ulendo wa kuntchito. Mukatenga galimoto 8 koloko m'mawa n'kuibweza 5 koloko madzulo, ndi maola 9, ndiye mulipira mtengo wa tsiku, £55. Masiku 220 ogwira ntchito pachaka ndi £12,100, mailosi osawerengera. Palibe njira yokongoletsera chiwerengero chimenechi.

Yendani wapansi mukaone galimotozo

Mapu a pa foni asakukwanireni. Pitani wapansi kuchokera pakhomo panu mpaka pamene pali galimoto yapafupi, mukuwerenga mphindi. Zikapitirira 10, mudzatopa nazo msanga, makamaka nyengo yozizira muli ndi mwana ndi zikwama. Ndipo imodzi siikwanira. Pafunika ziwiri kapena zitatu zimene mungafikeko wapansi, chifukwa imodzi ikhoza kukhala kugalaja kapena wina anaibuka kale. Tsegulani pulogalamu ya kalabuyo Lachinayi madzulo muone ngati Loweruka m'mawa pali yotsala. Chitani zimenezi milungu itatu yotsatizana. Mukapeza kuti Loweruka lililonse zonse zatengedwa, dziwani kuti muzifunika kubuka mlungu wathunthu pasadakhale.

Onani ndi mitundu ya galimoto. Banja la anthu asanu ndi mmodzi silingakwane mu kagalimoto ka mipando isanu, ndipo si dera lililonse limene lili ndi ya mipando isanu ndi iwiri kapena vani. Ngati laisensi yanu ya ku Britain ndi ya otomatiki yokha, simuloledwa kuyendetsa ya magiya a pamanja, ndiye werengani za otomatiki zokha.

Za laisensi pali mfundo imene imakola anthu obwera kumene. Ku Great Britain mukhoza kuyendetsa ndi laisensi ya kunja kwa miyezi 12 kuchokera pamene munayamba kukhala m'dzikomo. Laisensi ya ku South Africa kapena ya ku Zimbabwe mukhoza kuisinthitsa ndi ya ku Britain, koma ya ku Malawi ndi ya ku Zambia ayi, pamafunika kulemba mayeso ndi kuyesedwa pamsewu. Kalabu iliyonse ili ndi malamulo akenso pa malaisensi a kunja, pa msinkhu wa woyendetsa, pa zaka zimene mwakhala ndi laisensi ndi pa mapointi a milandu ya pamsewu. Funsani musanalipire umembala. Okhala ndi laisensi ya ku Britain amafunsidwa kawirikawiri nambala yotsimikizira ya ku DVLA (ofesi ya boma yoona za malaisensi ndi magalimoto), imene mumaitenga pa intaneti ndipo imagwira ntchito masiku 21.

Yesani miyezi iwiri galimoto yanu ikadalipo

Lowani kalabu, ikani makiyi a galimoto yanu m'kabati, ndipo khalani ngati munaigulitsa kale. Miyezi iwiri ndi yabwino chifukwa mwezi woyamba munthu amakhala ndi chidwi cha chinthu chatsopano, wachiwiri ndi umene umaonetsa zoona. Ngati n'kotheka, mwezi umodzi ukhale wa mvula kapena wozizira. Nthawi iliyonse imene mwagonja n'kutenga makiyi aja, lembani chifukwa chake. Zifukwazo zikakhala za mtundu umodzi, mwachitsanzo zonse ndi za kukatenga mwana kusukulu mochedwa, funani njira ya vuto limenelo palokha. Zikakhala zosiyanasiyana ndipo n'zambiri, moyo wanu ukufunabe galimoto.

Pa miyezi imeneyi muziilizabe galimoto yanu ndi kuiyendetsa pang'ono pa milungu iwiri iliyonse, kuti batire lisafe ndi mabuleki asagwire dzimbiri. Inshuwalansi ndi msonkho musaimitse ngati ili mumsewu.

Mukatsimikiza zogulitsa, pemphani a inshuwalansi akupatseni kalata yosonyeza zaka zimene mwakhala osapempha chipukuta misozi. Makampani ambiri a ku Britain amavomereza umboni umenewu kwa zaka ziwiri zokha, ndiye mukadzafuna kugulanso galimoto patapita zaka zitatu, mwina mudzayambiranso pa mtengo wokwera. Iyi ndi ndalama yeniyeni imene iyenera kulowa m'maganizo anu. Dziwitsaninso a DVLA kuti mwagulitsa, kuti akubwezereni msonkho wa miyezi yathunthu yotsala ndiponso kuti milandu ya mwini watsopano isamabwere kwa inu.

Pogwiritsa ntchito: pamene ndalama zimathawira

Chindapusa chofala kwambiri ndi cha kubweza mochedwa, chifukwa pambuyo panu pamakhala wina amene akudikira galimoto yomweyo. Bukani ndi mphindi 30 zapadera nthawi zonse. Kulipira theka la ola limene simunagwiritse ntchito n'kotchipa kuposa chindapusa. Mukaona kuti muchedwa, imani pamalo abwino n'kuwonjezera nthawi pa foni nthawi yanu isanathe, ndipo ngati wina wabuka kale, imbirani kalabu kuti amupezere ina.

Musanalize injini, zungulirani galimoto yonse. Onani mabampa, magalasi a m'mbali, malimu ndi matayala, kenaka mkati. Jambulani mbali zonse zinayi. Chilichonse chimene sichinalembedwe m'buku la zowonongeka kapena pa pulogalamu, chinenereni nthawi yomweyo musanasunthe. Mukanyamuka osanena, ndipo wobwera pambuyo panu n'kunena, mlandu ugwera inu chifukwa ndinu womaliza kuyendetsa. Usiku gwiritsani ntchito tochi ya foni. Pobweza jambulaninso.

Inshuwalansi ya kalabu ili ndi gawo limene mumalipira nokha pakachitika ngozi, ndipo limatha kukhala mapaundi mazana angapo kapena kuposa. Dziwani chiwerengero chake tsiku lolowa. Makalabu ambiri amalola kulipira kandalama kena pamwezi kapena pa ulendo kuti gawoli litsike, ndipo kwa munthu amene sangakwanitse kutulutsa ndalama zambiri nthawi imodzi, ndi bwino kutero. Chinthu choopsa kuposa zonse ndi kupatsa chiwongolero munthu amene si membala, ngakhale akhale amuna anu kapena akazi anu, ngakhale kwa mphindi zisanu. Inshuwalansi siimuteteza, ndipo zonse zowonongeka zidzakhala pamutu panu. Ngati nonse mumayendetsa, nonse mulembetse.

Mafuta mumathira ndi khadi la kalabu limene limakhala m'galimoto, ndipo lamulo la makalabu ambiri n'loti musaibweze thanki ili pansi pa kota. Yang'anani pa chitseko cha thanki ngati ndi ya petulo kapena dizilo, chifukwa lero mwatenga iyi, mawa ina, ndipo dzanja limapita pa pampu imene linazolowera. Mukathira olakwika, musalize injini, imbani foni. Galimoto ikakhala ya magetsi, onani kuchuluka kwa moto musananyamuke, ndipo pobweza ilumikizeni ku chotchajira n'kudikira mpaka muone kuti yayambadi kutchaja.

Foni ndiyo kiyi yanu, ndiye isathe moto, ndipo m'malo oimika galimoto a pansi pa nthaka netiweki imavuta. Ngati kalabu imapereka khadi lotsegulira, litengeni likhale m'chikwama. Mukapeza kuti wina waimika galimoto yake pamalo a kalabu, musangoisiya paliponse: imbani, akuuzani poisiya povomerezeka. Matikiti a liwiro, a kuimika molakwika ndi a kulowa mumsewu wa mabasi amabwera kwa inu, ndipo kalabu imawonjezerapo ndalama yake yoyendetsera nkhaniyo.

Kwa makolo, vuto lenileni ndi mipando ya ana. Lamulo la ku Britain limafuna kuti mwana akhale pa mpando wake mpaka atakwanitsa zaka 12 kapena kutalika masentimita 135, chimene chayamba kufika. Galimoto za kalabu nthawi zambiri sizikhala ndi mipandoyi. Njira yosavuta ndi yoti mmodzi akatenge galimoto n'kubwera nayo pakhomo, mumange mipando pamenepo, ndipo pomaliza muyambe mwatsitsa ana, mipando ndi katundu musanakaibweze. Zimenezi zimadya mphindi 20 mpaka 30 pa ulendo uliwonse, ndipo mphindizo mumalipira. Banja la ana awiri aang'ono liyenera kuziika m'masamu aja.

Pali chinanso chimene simungachilamulire: kampani ikhoza kutseka kapena kuchoka mumzinda wanu. Autolib', imene inali ndi galimoto za magetsi ku Paris kuyambira 2011, inatha mu 2018. Share Now inachoka ku North America konse ndi ku London kumayambiriro a 2020. Choncho musanagulitse, dzifunseni kuti kalabu yanu itatseka mwezi wamawa mungayende bwanji. Ngati yankho lilipo, kaya ndi kalabu yachiwiri, kampani yobwereketsa galimoto pa tsiku, kapena basi ndi takisi, pitirizani. Ndipo ndalama zimene mwapeza pogulitsa musazidye zonse chaka choyamba.

Kumene kulibe kalabu: mabanja angapo, galimoto imodzi

Makalabu oyambirira anali anthu wamba ogwirizana, ndipo njira imeneyo ikhoza kugwira ntchito ku Leeds, ku Johannesburg ngakhale ku Lilongwe, malinga mabanjawo akhale oyandikana ndipo pasakhale amene akuifuna tsiku lililonse kupita kuntchito. Mabanja awiri mpaka anayi ndi okwanira. Akachuluka, Loweruka limakhala la mikangano.

Lembani pangano, ngakhale muli pachibale. Lisonyeze dzina limene lili pa mapepala a galimoto, ndalama imene aliyense anaika, ndi momwe wofuna kutuluka adzabwezeredwe gawo lake potengera mtengo wa galimoto pa nthawiyo, osati umene munagulira. A inshuwalansi auzeni zoona za onse oyendetsa ndi amene amayendetsa kwambiri. Kubisa zimenezi kumachititsa kuti akane kulipira ngozi ikachitika.

Ndalama zigaweni pawiri. Zosadalira mtunda, monga inshuwalansi, msonkho ndi MOT, kapena COF kwa amene ali ku Malawi, gawanani mofanana. Zodalira mtunda, monga mafuta, oyilo, matayala ndi mabuleki, zilipiridwe pa kilomita. Kuti mupeze mtengo wa kilomita, tengani mtengo wa mafuta a makilomita 100, gawani ndi 100, kenaka onjezani theka la chiwerengerocho kuti lipite ku thumba la zokonzetsa. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi onani ngati thumbalo likukwanira, n'kusintha. M'galimoto mukhale kope lolembamo tsiku, dzina, ndi makilomita a ponyamuka ndi a pobwerera. Ndalama zizipita ku akaunti yapadera mwezi uliwonse, osati kusonkherana galimoto itafa kale, chifukwa pamenepo ndi pamene womaliza kuyendetsa amanamiziridwa kuti ndiye wapha kilatchi imene inakhala ikutha kwa zaka ziwiri. Panganolo linene momveka kuti zotha ndi ukalamba zimalipiridwa ndi thumba, pomwe zowonongeka pa ngozi kapena chifukwa chosasamala, pamodzi ndi matikiti a apolisi, amalipira ndi amene anali pa chiwongolero.

Kubuka kuchitike pamalo amodzi oonekera kwa onse, gulu la WhatsApp kapena kalendala ya pa foni, ndipo woyamba kulemba ndiye mwini tsikulo. Gwirizananiponso za matenda ndi maliro zisanachitike, chifukwa kwathu galimoto imapemphedwa pa zinthu zimenezi ndipo kukana n'kovuta. Nenani ngati ulendo wa kuchipatala ungalande tsiku la wina, amene alipire takisi ya wolandidwayo, ndi ngati galimoto ingaperekedwe kwa munthu wa kunja kwa gululo. Yankho lotetezeka pa funso lomalizali n'loti ikhoza kupita kukathandiza, koma woyendetsa akhale mmodzi mwa olembedwa pa inshuwalansi, ndipo makilomita a ulendowo alembedwe pa dzina la membala amene wavomera pempholo.